Musanathire konkire ya nyumba yosanja, ganizirani za intaneti

Munthu akamamanga nyumba yosanja kuno ku Harare, mutu wake umakhala pa simenti, njerwa, zitsulo ndi ndalama zolipira amisiri Loweruka likakwana. Za intaneti amati adzaziona akadzalowa m'nyumbamo. Ndikulemba kuti ndikutsutseni pa mfundo imeneyi, inu abale anga amene mwapeza malo ku Ruwa, ku Madokero, ku Westgate kapena kwina kulikonse, ndipo maziko munakumba kale. Nthawi yoganizira intaneti ndi pamene makoma akadali njerwa zosapaka pulasitala, konkire yolekanitsa pansi ndi pamwamba isanathiridwe. Nthawi imeneyo ikadutsa, chilichonse chimene mungachite chimafuna kugumula kapena kuboola, ndipo chimadya ndalama zambiri kuposa zimene mukanalipira pachiyambi.

Ambiri a ife tinakulira m'nyumba za zipinda zinayi ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kapena ku Dzivarasekwa, kumene makolo athu ochokera ku Malawi anakhazikika. M'nyumba zotero rauta imodzi, kabokosi kogawa intaneti kudzera pa Wi-Fi, yoikidwa pamwamba pa kabati imakwanira banja lonse, mpaka ana a anansi amakhala pakhonde n'kumapempha nambala yachinsinsi. Ndiye timazolowera kuganiza kuti intaneti ya m'nyumba ndi kabokosi kamodzi kamene munthu amagula, kulumikiza ku magetsi, basi yatha. Nyumba yosanja simvera zimenezo.

Wi-Fi ndi wailesi. Imayenda pa mafunde a 2.4 GHz ndi 5 GHz, ndipo zipangizo zina zatsopano zimatha kugwiritsanso ntchito 6 GHz. Mafunde a 2.4 GHz amadutsa khoma bwinoko, koma amanyamula zochepa ndipo ndi othithikana: njira zake zosapondana zilipo zitatu zokha, 1, 6 ndi 11, ndipo anansi anu onse ali momwemo, pamodzi ndi Bluetooth ndi microwave ya kukhitchini. Mafunde a 5 GHz amathamanga kwambiri, koma akakumana ndi khoma la njerwa amafooka msanga. Khoma limodzi amapirira, awiri amayamba kuvutika. Tsono konkire ya pakati pa nsanjika ndi yokhuthala ndipo mkati mwake mwalukidwa zitsulo mopingasa, ndiye mafunde amene amatulukira kuseri amakhala otsalira chabe. Choipiranso n'chakuti chipinda chanu chogona sichikhala ndendende pamwamba pa rauta. Mafundewo amalowa m'konkiremo chopendekera, ndiye mtunda umene amayenda mkati mwa simenti umatalika kuposa kukhuthala kwake kwenikweni.

Pali chinthu china chimene ogulitsa satchula akamakuonetsani rauta ya tinyanga tambirimbiri. Intaneti ndi kuyankhana. Rauta imalankhula, foni imayankha. Zili ngati bambo wa mawu aakulu amene akuitana mwana ali kutsidya kwa dambo: mwanayo akumva bwinobwino, koma iye akayankha ndi timawu take, bamboyo samva kanthu. Foni ya m'manja ili ndi kawailesi kakang'ono kwambiri chifukwa imasunga batire. Ndiye mutha kuona timizere ta Wi-Fi tadzaza pafoni, komabe mukaimbira agogo ku Ntcheu pa WhatsApp mawu akumadukaduka. Kugula rauta yamphamvu kumakweza mawu a mbali imodzi yokha. Chofunika ndi kusendeza wailesiyo pafupi ndi foni, ndipo njira yodalirika yochitira zimenezo ndi nthambo.

Apa ndiye pagona maganizo anga onse. Intaneti iyende m'nyumba kudzera m'nthambo zobisika m'makoma, ndipo Wi-Fi igwire ntchito pa mamita ochepa omaliza okha, kuchokera kudenga la chipinda kufika pafoni. Nsanjika iliyonse ikhale ndi access point yakeyake, ndiye kuti kawailesi ka Wi-Fi kolumikizidwa ndi nthambo. Chinthu chilichonse chimene sichisuntha, monga TV, kompyuta ya pa desiki, printer ndi makamera, chilumikizidwe pa nthambo kuti mpweya usiyidwire mafoni ndi malaputopu.

Ife pomanga nyumba yathu tinayamba ndi kusankha malo amodzi amene nthambo zonse zidzakumanirane. Mayi a kunyumba ananeneratu poyera kuti safuna kuona bokosi lothwanimathwanima pabalaza pamene alendo amafikira, ndipo ananena zoona. Tinasankha kunsi kwa masitepe. Ndi pakatikati pa nyumba, ndiye palibe nthambo imene imatalika kwambiri. Ndi pozizira, kutali ndi nthunzi ya kukhitchini ndi chinyezi cha kubafa. Komanso masitepe ndi malo amene nyumba yapansi ndi yapamwamba zimakumana kale, ndiye kukweza mapaipi pamenepo n'kosavuta. Chitseko chake tinachisiyira timipata kuti mpweya uziyenda, chifukwa zipangizozi zimatentha pang'ono usana ndi usiku. Ena amakonda kuziika m'siling'i poti sizioneka. Musatero. Aliyense amene anakwerapo m'denga la malata mwezi wa October akudziwa mmene mumatenthera, ndipo fumbi ndi makoswe zimakhala momwemo.

Chinthu chofunika kuposa zonse m'nyumba yosanja ndi paipi yokwera, yoboola konkire kuchokera pamalo okumanirana aja kupita pamwamba. Paipi ya PVC ya 50 mm, kapena awiri ngati nyumbayo ndi yaikulu, imaikidwa matabwa ndi zitsulo zili kale m'malo koma konkire isanafike. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri mukayerekeza ndi simenti yonse imene mukugula tsiku limenelo. Mukaiwala, mudzafunika kubwereka makina oboolera konkire youma, ndipo woboolayo saona kumene kwadutsa zitsulo kapena mapaipi a magetsi. Konkire yomweyo ndi denga la zipinda zapansi, choncho malo a access point yapansi nawonso amafunika kabokosi ndi paipi yake zoikidwiratu, monga momwe amachitira ndi malo a babu. Pamwamba zinthu zimapepukako chifukwa kumakhala siling'i, komabe ngakhale kumeneko nthambo iziyenda m'paipi chifukwa cha makoswe aja.

Mmisiri wathu wa zamagetsi ndi bambo wachikulire wodziwa ntchito yake, ndipo tinalemekezana kuyambira pachiyambi. Ataona mizere yowonjezera imene ndinajambula pa pulani anandifunsa kuti, "Bambo, mapaipi enawa ndi a chiyani? Masiku ano zonse zikuyenda popanda waya. Ngati mukufuna nthambo, tingoilowetsa m'paipi ya magetsi momwemu, malo alimo." Ndinawayankha kuti, "Ayi bambo, chonde ikhale ndi njira yakeyake, ndilipira ntchito yowonjezerayo." Iwo sankafuna kundinyenga, ankafuna kundipulumutsira ndalama. Koma nthambo ya intaneti siyenera kugona paipi imodzi ndi waya wa magetsi a m'nyumba. Choyamba ndi chitetezo, chifukwa waya wa magetsi atasupuka, magetsi angalowe m'nthambo imene mwana amagwira kumbuyo kwa TV. Chachiwiri, magetsi oyenda moyandikana mtunda wautali amasokoneza zimene nthamboyo yanyamula. Zikafunika kudutsana, zidutsane mopingasa, imodzi n'kupitirira ulendo wake. Mukawafotokozera amisiri chifukwa chake, amamva, ndipo bambo amenewa anafika pomandikumbutsa okha malo amene pulani sinasonyeze.

Pa mapaipi a m'makoma ine ndimakonda a 25 mm. A 20 mm amanyamula nthambo ziwiri, koma yachitatu imavuta kukoka, makamaka ngati njirayo ili ndi makona. Makonawo akhale okhota pang'onopang'ono, osati ongothyoka, chifukwa nthambo ya intaneti ikapindidwa mwamphamvu mawaya a mkati amasokonekera malukidwe ake. M'paipi iliyonse musiyemo chingwe chokokera, ndipo kukamwa kwake mutsekeko ndi tepi kapena pepala lolimba kuti matope a pulasitala asalowemo. Ndipo musanalole kuti apake pulasitala, yendani chipinda ndi chipinda mukujambula makoma onse pafoni, tepi yoyezera ili pambali. Patapita zaka, mukadzafuna kukhoma msomali wa chithunzi cha ukwati kapena kupachika TV, zithunzi zimenezo zidzakuuzani pamene paipi yadutsa.

Kodi malo olumikizira akhale angati? Kumbuyo kwa TV tinaikako awiri, chifukwa TV ndi decoder kapena makina a masewera a ana zonse zimafuna intaneti. M'chipinda chowerengera awirinso. M'zipinda zogona amodzi amodzi, pafupi ndi pamene desiki ingadzakhale, poti mwana amene lero akukwawa mawa adzakhala akulemba mayeso a ZIMSEC kapena kuphunzira pa kompyuta. Kenako kumakona a nyumba kunsi kwa denga, kumene makamera angadzakhale, ndi njira ina yopita kugeti. Sikuti zonsezi ziyenera kugwira ntchito tsiku loyamba. Bokosi limodzi la nthambo limakhala ndi mamita 305, ndipo ntchito yokoka nthambo ziwiri ndi yofanana ndi yokoka imodzi, ndiye pamene mukukayika kokani ziwiri.

Nkhani ya mtundu wa nthambo anthu amaikulitsa kuposa mmene ilili. Lamulo lake n'lakuti nthambo imodzi isapitirire mamita 100 kuchokera pa switch (kabokosi kamene nthambo zonse zimalumikizidwapo) kufika pa chipangizo, ndipo mwa amenewo 90 ndi a m'khoma, 10 ndi a tinthambo tolumikizira mbali zonse ziwiri. M'nyumba wamba simungafike pamenepo, pokhapokha mukupita kugeti la pulotu yaikulu. Nthambo ya mtundu wa Cat5e imanyamula 1 Gbps (Gbps ndi muyezo wa liwiro la intaneti) pa mtunda wonsewo, ndipo kuyambira 2016 pali muyezo wolola 2.5 Gbps pa nthambo yomweyo. Cat6 imatha kufika 10 Gbps pa mtunda waufupi, osapitirira mamita 55, pamene Cat6A imafika 10 Gbps pa mamita 100 onse koma ndi yonenepa, youma ndi yovuta kukoka. Kwa nyumba ya banja, Cat6 ndi yokwanira zaka zambiri zikubwerazi. Mukaona bokosi lolembedwa manambala akuluakulu kuposa amenewa, musatengeke. Ndalamazo zisungireni access point yabwino.

Chimene ndikufuna muchisamale ndi mtima wonse ndi chitsulo cha mkati mwa nthamboyo. Pamsika pali nthambo zotchipa zolembedwa CCA, zomwe ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pang'ono pamwamba. Kunja zimaoneka chimodzimodzi, ndipo nthawi zina pabokosi amalembapo Cat6 ndithu. Aluminiyamu amatsekereza magetsi kwambiri kuposa kopa, ndiye amatentha mukamadutsitsamo magetsi a makamera ndi ma access point, komanso amathyoka msanga polumikizira. Nthambo imene mukuikwirira m'khoma kwa zaka makumi siyofunika kuipezera pa mtengo wotsika chonchi. Kuizindikira n'kosavuta. Pemphani kachidutswa, sendani waya mmodzi, mupale ndi mpeni. Akaoneka woyera ngati siliva mkati, siyani. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka pakati, ndipo bokosi lake limalemera mukalinyamula. Wogulitsa wachilungamo sakana kukudulirani kachidutswa.

Tsopano za magetsi, zomwe kuno sitingazilambalale. Tonse tikukumbukira 2019, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, komanso kumapeto kwa 2022 pamene madzi a ku Kariba anatsika kwambiri. Makina awiri atsopano a ku Hwange, amene anayamba kugwira ntchito mu 2023, anawonjezera 600 MW, komabe aliyense womanga nyumba lero amaika sola, inverter ndi batire pa pulani yake. Apa ndi pamene nthambo imaonetsanso ubwino wake wina. Pali njira yotchedwa PoE, imene switch imatumiza magetsi pa nthambo yomweyo ya intaneti. Muyezo wa 802.3af wa 2003 umapereka mawati 15.4 pa doko lililonse (kabowo kolowetsamo nthambo), wa 802.3at wa 2009 umafika 30, ndipo wa 802.3bt wa 2018 umapitirira apo. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti access point ya kudenga ndi kamera ya pakona sizifuna soketi yakeyake. Zonse zimadya kuchokera pa switch imodzi ya kunsi kwa masitepe, ndipo mukaonetsetsa kuti soketi ya pamenepo ili pa mzere wa inverter, magetsi akazima intaneti ya nyumba yonse imatsala yoyaka. Muwauze amisiri a zamagetsi zimenezi asanagawe mizere mu DB, bokosi logawira magetsi a nyumba, chifukwa kawirikawiri amaika mababu ndi firiji pa inverter, masoketi ena n'kuwasiya kunja.

Tiyerekeze kuti kabokosi ka faiba (nthambo ya ulusi wa galasi yobweretsa intaneti), rauta, switch ndi ma access point atatu zonse pamodzi zikudya mawati 60. Pa maola khumi ndi 600 Wh. Batire ya lithium ya 5 kWh, ndiye kuti 5,000 Wh, imene ambiri akuika masiku ano, singadandaule nazo. Makamera ndi makina ojambulira akawonjezeka chiwerengerocho chimakwera, ndiye muwerengere pogula switch: onani mawati onse amene imatha kupereka, osati kuchuluka kwa madoko kokha. Amene akufuna Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti, akumbukirenso kuti mbale yake yaikulu imadya pakati pa mawati 75 ndi 100, pamene yaing'ono ya Mini imadya osafika theka la amenewo.

Ponena za Starlink, simukudziwa lero kuti intaneti yanu idzalowera kuti zaka zisanu zikubwerazi. M'madera ena a Harare muli faiba ya TelOne kapena ya Liquid Home, imene kale inkatchedwa ZOL. M'madera atsopano faiba imachedwa kufika, ndiye anthu amadalira Econet kapena NetOne, ndipo kuyambira September 2024 Starlink yakhala ikupezeka mwalamulo m'dziko muno. Nyumba yokonzedwa bwino imasiyira zitseko zonse. Paipi imodzi ichokere kumpanda wa kumsewu, idutse pansi, ifike kunsi kwa masitepe. Iikidwe musanayale njerwa zapabwalo ndi kudzala kapinga. Faiba ndi ulusi wa galasi, sifuna kupindidwa, ndiye njira imeneyi ikhale yowongoka momwe zingathekere. Paipi ina ichokere kudenga, ya 32 mm ngati n'kotheka, chifukwa nthambo ya mbale imabwera ili kale ndi mutu wake wonenepa. Popanda mapaipi awiriwa, anyamata odzalumikiza adzaboola khoma pamalo amene afika mosavuta, mwina pawindo la pabalaza, ndipo kabokosi kadzakhala pamenepo mpaka kalekale, kutali ndi nthambo zanu zonse.

Pali nkhani ya mphenzi. Mvula yathu ya November mpaka March imabwera ndi ziphaliwali zoopsa, ndipo mphenzi imatha kuwononga zinthu ngakhale isanagunde nyumba yanu. Ikagwa pafupi, nthambo yaitali ya kopa yoyenda panja imatola mphamvuyo n'kuilowetsa mu switch, ndipo kuchokera apo imafalikira ku chilichonse cholumikizidwa. Ambiri a ife timayamba ndi kumanga kanyumba kakumbuyo, n'kumakhala momwemo nyumba yaikulu ikukwera, kenako n'kuikamo alendi kapena achibale. Kulumikiza nyumba ziwirizo ndi nthambo ya kopa ndi kumene kumabweretsa vutoli. Njira yabwino ndi faiba, chifukwa galasi silidutsitsa magetsi. Imagulitsidwa yodulidwa kale ndi mitu yake, ndipo mumangofuna timabokosi tiwiri totembenuza uthenga pakati pa faiba ndi kopa, kamodzi mbali iliyonse, kapena ma switch okhala ndi doko la SFP, lolandira faiba. Kamera ya kugeti imene ikudalira PoE singapewe kopa, ndiye pamenepo gwiritsani nthambo yopangidwira panja, muikenso zotetezera ku mphenzi, ndipo muonetsetse kuti chitsulo cha earth cha nyumbayo chinakhomedwa bwino pansi.

Nthambo zikakokedwa, ntchito imene imasiyanitsa mmisiri wabwino ndi wongoyesa ndi kumalizitsa kumapeto. Nthambo ya m'khoma ili ndi mawaya olimba, ndipo iyenera kuthera pa soketi ya pakhoma mbali imodzi ndi pa patch panel (mzere wa masoketi wa pamalo okumanirana aja) mbali inayo, osati kungoifinyira kamutu ka pulasitiki n'kuisiya ikulendewera. Mkati muli mawaya asanu ndi atatu opotana awiriawiri, ndipo kupotanako ndi kumene kumateteza uthenga, choncho asamasulidwe kupitirira mamilimita 13. Ndondomeko ya mitundu ilipo ya T568A ndi ya T568B. Sankhani imodzi, nyumba yonse itsatire yomweyo. Nthambo iliyonse ilembedwe nambala mbali zonse ziwiri, ndipo pepala lofotokoza manambalawo limatidwe kuchitseko cha kabati. Musanalipire ndalama yomaliza, yesani nthambo iliyonse ndi kachipangizo koyesera, n'kotchipa. Chifukwa chake n'chakuti liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito mawaya anayi okha, pamene la 1 Gbps, lomwe ndi 1,000 Mbps, limafuna onse asanu ndi atatu. Waya mmodzi mwa anayi owonjezerawo akapanda kugwira bwino, intaneti imagwirabe ntchito, koma pa gawo limodzi mwa khumi a liwiro lake, ndipo mutha kukhala zaka mukudandaula za kampani ya intaneti pamene vuto lili kuseri kwa soketi yanu.

Malo a access point asankhidwe poganizira kumene anthu amakhala ndi mafoni awo. Pansi, pakati pa balaza ndi chipinda chodyera. Pamwamba, m'kanjira kamene zitseko za zipinda zogona zimatsegukira. Zopachika kudenga zimamwaza mafunde pansi ndi m'mbali, ndiye zimafikira chipinda chonse popanda kutchingidwa ndi mipando. Zitalikirane ndi giza (thanki yotenthetsera madzi), magalasi akuluakulu ndi firiji, poti madzi ndi zitsulo zimameza kapena kubweza mafunde. Ngati mumakonda kukhala panja, monga momwe timachitira achibale akabwera kuchokera kumudzi kapena anzathu a kumpingo akadzacheza, ikani ina yopirira mvula kunsi kwa denga la khonde. Ma access point onse akhale ndi dzina limodzi ndi nambala yachinsinsi imodzi, kuti foni izisamuka yokha mukamakwera masitepe. Pa 2.4 GHz, yapansi muipatse njira 1, yapamwamba 6, yapanja 11, ndipo mutsitseko mphamvu yake. Zimamveka zachilendo, koma foni ndi imene imasankha nthawi yosamuka, ndipo ikamamvabe access point yapansi mokweza imakakamira komweko ngakhale mutafika kale m'chipinda chapamwamba. Wi-Fi ya rauta imene kampani yakupatsani, ngati yatsekeredwa m'kabati yachitsulo, ingozimitsani.

Alendi ndi alendo muwatsegulire netiweki yawoyawo. Zipangizo zambiri zili ndi mwayi umenewu, ndipo umathandiza kuti munthu wa kunja apeze intaneti koma asafike ku makamera, printer kapena kompyuta ya ntchito. Zimachotsanso manyazi, chifukwa mlendi akasamuka mumangosintha nambala ya mbali yake osavutitsa banja lonse. Makamerawo musinthe nambala yachinsinsi imene anabwera nayo kuchokera kufakitale tsiku lomwelo mwawayatsa.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga nyumba itatha kale, kapena mukuchita lendi. Mlamu wanga ali m'gulu limeneli, ndipo anandifunsa kuti, "Nanga alamu, ife amene tinapaka kale penti titani?" Mesh, yomwe ndi timabokosi ta Wi-Fi tingapo topatsirana intaneti, imathandiza, ndipo sindiinyoza. Kungoti timabokosi take tikamalumikizana kudzera mumpweya, timakumana ndi konkire yomwe ija, ndipo tosakhala ndi wailesi yapadera yolankhulirana tokhatokha timataya pafupifupi theka la liwiro pa kulumpha kulikonse. Ngati mukuigwiritsa ntchito, ikani kamodzi kumunsi kwa masitepe ndi kena kumtunda kwake kuti mafunde adutse pampata wa masitepewo. Koma chimene ndinawalangiza mlamu wanga ndi nthambo imodzi yokha, yotulukira kunja m'paipi, kukwera khoma motsatira paipi ya madzi a mvula, n'kulowa m'siling'i yapamwamba. Paipiyo itapakidwa penti yofanana ndi khoma sioneka, ndipo mesh yomweyo ikalumikizidwa ndi nthambo imasintha kwambiri. Timabokosi todutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi, ta powerline, sinditilimbikitsa kwenikweni m'nyumba za kuno, chifukwa mizere ya magetsi imakhala yogawidwa, ina pa inverter ina ayi, ndipo magetsi akazima soketi ina imafa n'kudula njira yonse.

Ndalama zomangira zimatha nthawi zonse nyumba isanathe, ndipo sindikunena kuti musiye kugula mawindo kuti mugule switch. Ngati thumba lapepuka, gulani mapaipi, timabokosi ta m'khoma ndi chingwe chokokera basi, mutseke ndi zivundikiro zopanda kanthu. Nthambo mudzakoka chaka chamawa, ma access point chaka chinacho, ndipo pofika nthawi imeneyo adzakhala atsopano kuposa amene ali m'mashopu lero. Zipangizo za Wi-Fi zimasintha pakapita zaka zochepa, kuchoka pa Wi-Fi 5 kupita pa 6, tsopano 7, koma zonsezi zimalumikizidwa pa nthambo ya mtundu womwe uja, kudzera m'paipi yomwe ija.

Tsiku lothira konkire mukhalepo nokha, kapena mutume munthu amene akudziwa chimene paipi iliyonse ikuimira. Dzulo lake kwerani pamatabwapo ndi pulani m'manja, muone kuti paipi yokwera yamangiriridwa ku zitsulo ndi waya, kuti kabokosi ka access point kakhomeredwa pa thabwa pamalo ake, ndiponso kuti polumikizira mapaipi pamatidwa ndi guluu. Konkire ikayamba kubwera pamakhala liwiro, mawilibala amaponda paliponse, ndipo makina ogwedezera amatha kusuntha kapena kulekanitsa paipi yosamangidwa bwino. Paipi ikalekana madzi a simenti amalowamo n'kuuma, ndipo njira imeneyo yatsekeka. Matabwa akadzachotsedwa, kokani chingwe cha m'paipi iliyonse kuti muone ngati chikuyenda, amisiri akadali pamalopo, pulasitala asanayambe.